Kutsata mpendero wa tutu, kuchokera ku London mpaka ku Moulins

Lolemba, London

Ulendo uno wabadwa chifukwa cha siketi imodzi yomwe inandikanika. Chaka chatha mwana wa achemwali anga, yemwe amaphunzira kuvina ballet ku Leicester komwe tikukhala, ankafunika tutu, siketi ya neti ya ovina ballet, yoti avale pachionetsero. Titamva mtengo wake ndinawauza achemwali kuti mtima m'malo, ndisoka ndine. Pa makina ndakhalapo zaka zoposa 20, kuyambira pakhonde la sitolo ku Limbe pomwe bambo anga aang'ono anandiphunzitsa pa Singer yopalasa ndi mapazi, ndipo neti ya madiresi a ukwati ndaikwinya yosawerengeka. Ndinachezera mausiku atatu. Mwanayo atavala, siketi yomwe imayenera kuima yokha m'chiuno inangoti lende ngati masamba a nthochi ofota. Tsiku la chionetserolo anavala yobwereka. Iye sanadandaule, koma ine zinandikhala pamtima, ndipo ndinatsimikiza zokaona ndi maso anga mmene eni ake ntchitoyi amasokera chovalachi ndi kumene chinachokera. Mwanayo ndanyamuka naye, poti Chifalansa cha kusukulu amachidziwako.

Masana ano tinalowa ku Wallace Collection, nyumba yoonetsera zithunzi ndi zinthu zakale ku Manchester Square, komwe salipiritsa pakhomo. Tinkafuna chithunzi chimodzi chokha, chomwe Nicolas Lancret anajambula cha m'ma 1730: Marie Camargo akuvina pakati pa mitengo, oimba ali chapambali. Mwanayo anachiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Anti, koma iyi si diresi wamba?" Ndinamuuza kuti ayang'ane kumunsi. Mpendero walekezera pamwamba pa akakolo, phazi likuoneka lonse. Nthawi imeneyo chimenechi chinali chinthu chachikulu. Ballet inakulira m'nyumba za mafumu, ndipo mfumu ya ku France Louis XIV mwiniwakeyo anavinapo atavala ngati dzuwa mu 1653, ali ndi zaka 14. Akazi ankavina ndi zovala zomwezo za kunyumba ya mfumu: siketi yolemera yokhudza pansi, mafelemu oitambasula m'mbali omwe Afalansa ankawatcha madengu, chomangira chothina pachifuwa, nsapato za chidendene. Camargo, yemwe anayamba kuvina ku Opéra ya ku Paris, nyumba yaikulu ya magule ndi zisudzo zoimba, mu 1726, ankatha kudumpha n'kumenyanitsa mapazi m'malere ngati amuna, koma luso lobisika pansi pa nsalu ndani angaliwombere m'manja? Anadula siketi.

Monga telala, zimenezi zandigwira mtima. Kwathu amayi akamalowa m'bwalo la chimtali amamanga nsalu ina m'chiuno kuti maso a anthu apite pomwe pali gule. Camargo anachita zomwezo ndi sizasi, kungoti iye gule wake anali kumapazi.

Madzulo tinadutsa ku Covent Garden. Kumeneko mu 1734 mnzake wopikisana naye, Marie Sallé, anavina Pygmalion atavula madengu aja, atamasula tsitsi, atangovala kansalu kopepuka kogwa motsata thupi. Mawa sitima ya m'mawa.

Lachiwiri, Paris

Kuchokera ku St Pancras kufika ku Gare du Nord ndi maola awiri ndi mphindi zochepa, ndipo mbali ina sitima imayenda pansi pa nyanja. Tinasiya zikwama n'kulunjika ku Palais Garnier, nyumba ya Opéra.

Nyumbayi anaitsegulira mu 1875, ndipo aliyense amene wafikako amakamba za masitepe a nsangalabwi, golide wa m'makoma ndi denga lomwe Marc Chagall anajambula mu 1964. Zonsezo n'zoona, n'zokongola, koma ine mtima unali pa chinthu chomwe sichinachitikire m'nyumbayi n'komwe. Opéra yakale inali chapafupi, mumsewu wa Le Peletier, ndipo inapsa ndi moto mu 1873. M'menemo ndi momwe, pa 12 March 1832, Marie Taglioni anavina La Sylphide, gule yemwe anakonza ndi bambo ake, Filippo Taglioni. Ankasewera ngati mzimu wa mumlengalenga, ndipo chovala chake, chomwe ambiri amati anachijambula ndi Eugène Lami, chinali choyera: pamwamba chothina, mapewa pamtunda, timapiko kumsana, siketi ya nsalu zopyapyala zosanjikiza yolekezera pakati pa bondo ndi kakolo. Imeneyo ndiyo tutu yoyamba yomwe anthu amaiwerengera.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti bwanji inalekezera pamenepo. Yankho lili kuphazi kachiwiri. Taglioni ankaima pansonga za zala, osati mongodzionetsera ayi, koma kuti aoneke ngati sakuponda dothi. Siketi ikanatalika, palibe akanaona. Ikanafupika kwambiri, akanaoneka munthu wa mnofu ndi mafupa, osati mzimu. Ndiye panali nyali. Opéra inayamba kuwalitsa siteji ndi gasi mu 1822, ndipo kuwala kwa gasi ankatha kukuchepetsa mpaka kufanana ndi mwezi. Nsalu yoyera yopyapyala ikakumana ndi kuwala kotero imasanduka nkhungu. Apa m'pomwe panachokera magule aja a atsikana ambirimbiri ovala zoyera, monga gawo lachiwiri la Giselle wa mu 1841.

Tili mkati tinaima nthawi yaitali pa zithunzi ndi timasiteji tating'ono ta mulaibulale ya m'nyumbayi. Mwanayo ankaona ovina, ine ndinkawerenga mizere ya nsalu. Nsalu ya nthawiyo inali ya thonje, yoluka motalikirana, youmitsa ndi sitachi, yomwe ankaitcha tarlatane. Aliyense amene anasitapo kolala ya sitachi akudziwa kuti ikangomwa thukuta imafooka. Ndiye kuti kuseri kwa mzimu uliwonse wouluka pa siteji kunali amayi ochapa, oumitsa ndi osita, tsiku ndi tsiku, omwe mayina awo sanalembedwe pa khoma lililonse la m'nyumba imeneyi.

Miyendo yatopa. Tadya buledi ndi supu, tikugona.

Lachitatu, Paris

Lero latha molemera.

M'mawa tinapita ku Musée d'Orsay, nyumba yoonetsera zaluso yomwe kale inali siteshoni ya sitima, kukaona kamtsikana komwe anaumba wojambula Edgar Degas. N'kachiboliboli kosafika n'komwe pachifuwa panga: manja kumbuyo, chibwano m'mwamba, phazi limodzi patsogolo. Ka kunoka n'kamkuwa, koumbidwa Degas atamwalira kale, koma siketi yake ndi nsalu yeniyeni, ndipo kutsitsi kuli riboni. Choyambirira chinali cha phula, ndipo pomwe anachionetsa mu 1881 atachiveka tutu, nsapato ndi tsitsi lenileni, anthu ambiri ananyansidwa nacho, ati mwanayo ndi wosaoneka bwino. Ine ndinaona mwana wotopa amene wauzidwa kuti aime chilili.

Dzina lake anali Marie van Goethem, wa zaka 14. Makolo ake anachokera ku Belgium, mayi ake ankachapa zovala za anthu, bambo ake anali telala. Nditamva zimenezo ndinakhala kaye chete. Ana a ku Opéra a nthawi imeneyo, omwe ankawatcha timakoswe, ambiri ankachokera m'mabanja osauka ngati limeneli, ndipo amuna achuma olipira mipando ya chaka chonse ankaloledwa kulowa kuseri kwa siteji komwe atsikanawo ankakonzekera. M'zithunzi za Degas amunawo amaoneka, atavala zakuda, ataima m'mbali mwa makatani. Marie anachotsedwa ku Opéra mu 1882 chifukwa chojomba. Mwana wa achemwali anga ndi wamkulu ndi chaka chimodzi chokha kuposa iye. Ndinamugwira dzanja potuluka, iye osadziwa chifukwa chake.

Masana tinakwera kumanda a Montmartre, komwe Degas yemweyo anaikidwa. Koma amene ndinkamufuna ndi Emma Livry.

Mtsikanayu ndi amene Taglioni anamuona ngati wolowa m'malo mwake, mpaka anamukonzera gule wake, Le Papillon, mu 1860. Pofika nthawiyo aliyense ankadziwa kuti nsalu ya sitachi ndi nyali za gasi za m'mphepete mwa siteji siziyenderana. Ku London, Clara Webster anali atafa kale mu 1844 siketi yake itagwira moto ku Drury Lane. Mu 1859 boma la France linalamula kuti zovala za pa siteji zizinyikidwa mu mankhwala oletsa moto, njira ya munthu wina dzina lake Carteron. Vuto linali loti mankhwalawo ankaumitsa nsalu gwa n'kuidetsa, kuyera kuja n'kutha. Emma anakana, ndipo analemba kalata yoti chilichonse chomwe chingamugwere ndi mlandu wake. Pa 15 November 1862, akuyeserera La Muette de Portici, siketi yake inakhudza lawi la gasi. Moto unakwera nthawi yomweyo, iye n'kumathamanga pa siteji uku akuyaka mpaka anamugwira n'kumukulunga m'bulangete. Anavutika ndi mabala miyezi isanu ndi itatu, n'kumwalira pa 26 July 1863, ali ndi zaka 20. Zotsalira za chovala chakecho zimasungidwabe ku Opéra.

Pobwerera mwanayo anandifunsa kuti, "Anti, inuyo mukanamusokera yopanda mankhwalayo?" Funsoli landisowetsa tulo. Makasitomala otere ndimawadziwa, mkwatibwi wofuna diresi yothina mpaka kulephera kupuma, ndipo nthawi zambiri ndimagonja chifukwa thupi ndi lake, tsiku ndi lake. Koma sindikuvomereza kuti mlandu unali wa Emma yekha. Mwana wamng'ono choncho, amene ntchito yake yonse yagona pa kuoneka wopepuka kuposa anzake, mukamupatsa pepala loti asayine, asayina. Akuluakulu amene analandira pepalalo n'kusiya malawi osatchinga ndi amene ankayenera kudziwa bwino.

Lachinayi, Moulins

Sitima ya ku Moulins imanyamukira pa siteshoni ya Bercy, ndipo imayenda pafupifupi maola awiri ndi theka kulowera kummwera, kudutsa minda ndi ng'ombe zoyera. Tauniyo ndi yaing'ono, yabata. Mukawoloka mtsinje wa Allier pa mlatho wautali wa miyala mumafika pa nyumba yomwe kale inali ya asilikali a pa akavalo. Kuyambira 2006 m'menemo muli Centre national du costume de scène, mosungira zovala za pa siteji pafupifupi 10,000 zochokera ku Opéra ya ku Paris, ku Comédie-Française ndi ku laibulale yaikulu ya dziko la France. Zambiri zimagona mumdima, m'zipinda zozizira, chifukwa kuwala kumadya nsalu. Zimatuluka pang'onopang'ono, mosinthana.

Zipinda zomwe sizisintha ndi za Rudolf Nureyev, yemwe anatsogolera ovina a ku Opéra kuyambira 1983 mpaka 1989 n'kumwalira mu 1993. Majekete ake ndi aafupi, othina m'chiuno modabwitsa, odulidwa kuti mwendo uoneke wautali. Koma ine tsiku langa linachitikira pa galasi lina, pomwe panali tutu yaifupi, ya mtundu uja woima tambalale ngati lichero.

Ndinagwada pansi kuti ndione kunsi kwake. Ndili chogwada choncho, mayi wina wachikulire, nayenso mlendo, anaima pambali panga n'kulankhula. Mwanayo anamasulira: akufunsa ngati ndinu osoka. Ndinavomera. Mayiwo anangonditambasulira dzanja lawo, chala chapakati chili ndi chikanga cha singano ngati changa. Anasokera nyumba ina ya zisudzo moyo wawo wonse mpaka kupuma. Ndinawaonetsa pa foni chithunzi cha siketi yanga ija. Sanaseke. Anachikulitsa ndi zala, n'kuyamba kundiphunzitsa, mwanayo ali pakati kuperekera mawu uku ndi uku.

Cholakwa changa choyamba chinali neti. Ndinagula yofewa ya velo ya mkwatibwi, pamene tutu yotere imafuna neti yolimba, yokanda m'manja. Chachiwiri chinali poyambira. Ine ndinakwinya neti n'kuilumikiza pa lamba wa m'chiuno ngati siketi ina iliyonse. Eni ake amayambira pa kabudula wa mkati. Pa kabudulayo amajambula mizere yoyandikana, ndipo pamzere uliwonse amasokapo chidutswa chake cha neti yokwinya, kuyambira chachifupi kwambiri kumunsi, chilichonse chotsatira n'kumatalikirapo pang'ono, mpaka zidutswa khumi kapena khumi ndi ziwiri. Zazifupi zam'munsizo ndi zomwe zimanyamula zazitali zam'mwamba. Pakati pake ena amalowetsa waya wozungulira. Akatero amagwira singano n'kumanga zidutswa zonsezo pamodzi ndi ulusi, pamanja, mfundo zomasuka, kuzungulira siketi yonse, kuti wovina akadumpha neti isabalalike koma ikwere ndi kutsika ngati chinthu chimodzi. Pamwamba pa kabudula pamabwera lamba wotakata wogwira kuyambira m'chiuno kufika pa mafupa a m'mbali, kenaka nsalu yokongoletsa yogona pamwamba pa neti, pomalizira pake chapachifuwa cha tizidutswa tambirimbiri.

Anandilozeranso kumsana. Zipi palibe, chifukwa zipi ikaphulika pa siteji palibe choipulumutsa. Pali timbedza, ndipo tokolekamo take tili m'mizere iwiri kapena itatu, kuti tutu imodzi ivalidwe ndi ovina a matupi osiyana kwa zaka zambiri. Mkati amasokamo kansalu kolembapo dzina la aliyense amene waivala. Poisunga amaigoneka kapena kuipachika chadodolido kuti neti isazolowere kugwa. Kuichapa yonse m'madzi sikutheka kawirikawiri, ndiye mkati amapoperamo vodka kuti fungo la thukuta lichoke. Apa ndi pomwe mwanayo anafunsa kawiri ngati wamva bwino.

Siketi yafupika chonchi chifukwa cha miyendo, monga kale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ku St Petersburg, Marius Petipa ankakonza magule ofuna mphamvu zoopsa, ndipo ovina ochokera ku Italy anabwera ndi luso lozungulira lomwe linali lisanaonekepo. Pierina Legnani ankazungulira ka 32 pa mwendo umodzi osaima, ndipo anachita zimenezi mu Swan Lake ya mu 1895. Woonera amafuna aone bondo, aone ngati mwendo woimirawo wawongoka. Mpendero unakwera kudutsa bondo, ndipo m'zaka zotsatira unapitirira mpaka siketi inasanduka mbale.

Mayiwo atatchula Barbara Karinska anagwira pamtima. Karinska anabadwira ku Kharkiv mu 1886, ndipo anadzakhala wosokera wokonza magule George Balanchine ku New York. Anaona kuti ovina akaima moyandikana ma tutu a waya amagundana n'kumagwedezeka mwiniwake ataima kale. Mu 1950, pa gule wa Symphony in C, anachotsa waya, anafupikitsa siketi, anachepetsa zidutswa kufika zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, n'kuzimanga momasuka kuti zikhale zofewa. Chapachifuwa ankadula zidutswa za m'mbali mopingasa nsalu kuti zitamuke wovina akamapuma. Telala aliyense amadziwa kuti nsalu yodula chopingasa imatamuka, koma panafunika munthu woganizira nthiti za mwana amene wavina mphindi makumi awiri.

Tinasiyana pakhomo. Ndinawathokoza mwakwathu, kuwomba m'manja ndi kupinda bondo, iwo n'kundigwira mapewa onse awiri. M'kope langa mwadzaza masamba asanu ndi limodzi.

Lachisanu, Moulins ndi Paris

Tisanakwere sitima tinamwa tiyi ku Grand Café, ya magalasi akuluakulu m'makoma. M'tauni muno ndi momwe Gabrielle Chanel, asanatchuke pa za mafashoni ndi dzina loti Coco, ankagwira ntchito yosoka ali mtsikana. Patapita zaka, mu 1924, anasokera gulu la Ballets Russes la Sergei Diaghilev zovala za Le Train Bleu, ndipo ovina anatuluka atavala zosambira ndi zamasewera zoluka, tutu osaoneka n'komwe. Gulu limenelo linali litayamba kale kugwedeza Paris ndi mitundu yowala ya Léon Bakst mu Schéhérazade ya mu 1910. Komabe tutu sinafe. Mwana aliyense woyamba ballet amailotabe.

Titafika ku Paris mwanayo anapempha kuti tidutse pa sitolo ya Repetto, mumsewu wa la Paix, yomwe Rose Repetto anayambitsa atasokera nsapato mwana wake wovina, Roland Petit, mu 1947. Anaima pawindo nthawi yaitali. Nsapato zambiri za ballet ndi zapinki wotuwa, ndipo cholinga chake n'choti mwendo ndi phazi zioneke chinthu chimodzi chosaduka. Pa khungu la mzungu zimatero. Pa khungu lathu mzerewo umaduka pa kakolo. Ndamuonapo mwanayu atakhala pansi kukhitchini, akupaka nsapato zake zatsopano mafuta odzola kumaso ndi kasiponji, kuti zifanane ndi mwendo wake, ndipo ovina akuda akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Gulu la Dance Theatre of Harlem, lomwe Arthur Mitchell anayambitsa ndi Karel Shook mu 1969, linayamba kalekale kuveka ovina ake masokosi ndi nsapato zofanana ndi khungu la aliyense. Ku Britain, kampani ya Freed of London inatulutsa nsapato zabulauni mu 2018 mogwirizana ndi gulu la Ballet Black. Ndipo mu March 2023 Opéra ya ku Paris inakweza Guillaume Diop, yemwe bambo ake ndi a ku Senegal, kukhala étoile, udindo wapamwamba kwambiri wa ovina, munthu wakuda woyamba kuufikira. Chithunzi chake chili pa foni ya mwanayu.

Tinamalizira ku Marché Saint-Pierre, kumunsi kwa phiri la Montmartre, komwe sitolo za nsalu zangondondozana ngati ku Limbe. Neti kuno amaitcha tulle, dzina la tauni ina ya ku France, ngakhale makina oyamba oilukira anapangidwa ndi John Heathcoat cha m'ma 1809 ku Loughborough, pafupi penipeni ndi Leicester, komwe ndimadutsa pa basi osadziwa kanthu. Ndinayenda ndi dzanja pa mipukutu mpaka ndinapeza yokanda ija, yoti ukaipinda imabwerera yokha. Ndagula mamita khumi ndi awiri oyera, waya, ndi timbedza tokwanira mizere itatu.

Chotsala chinali kansalu kotamuka ka pamapewa ndi pachifuwa, komwe kamayenera kusowa pa khungu. Wogulitsa anatitsitsira mipukutu isanu yabulauni. Mwanayo anapinda dzanja la juzi, ine n'kumagoneka uliwonse pamkono pake pafupi ndi windo, pomwe pali kuwala kwa dzuwa. Woyamba unayera, wachiwiri unafiira. Wachinayi nditaugoneka, ndinachita kufufuza ndi chala kuti ndipeze pomwe nsalu yathera.

"Umenewu, Anti," anatero.

Tadula mita imodzi ndi theka. Usiku uno kuhotela ndamuyeza chiuno, mafupa a m'mbali ndi msana, ndipo Lolemba ndiyamba ndi kabudula wa mkati.